Mafunso a Owerenga: Nsalu za Maluwa Zosokera Madiresi a M'nthawi ya Mfumukazi Victoria

Makalata a mwezi uno agwera mbali imodzi. Ambiri achokera kwa owerenga amene akufuna kusoka madiresi ovala masana ofanana ndi amene akazi a ku Britain ankavala mu ulamuliro wa Mfumukazi Victoria, kuyambira 1837 mpaka 1901, ndipo pafupifupi onse akudandaula za nsalu. Makampani ena masiku ano amadinda nsalu za thonje potengera maluwa a pansalu zakale, koma si nsalu iliyonse yolembedwa kuti ndi ya nthawi ya Victoria imene ingatulutse diresi looneka la nthawiyo. Ndasankhapo makalata asanu, ndipo ena ndawafupikitsa.

FUNSO: Ine ndimasoka zovala za gulu lina la zisudzo, ndipo tikukonzekera sewero limene nkhani yake inachitikira ku England cha m'ma 1840. Ndinagula mamita 7 a nsalu ya thonje ya maluwa akuluakulu a rozi imene wogulitsa anandiuza kuti ndi yotengera nsalu za nthawi ya Victoria. Nditasoka, siketi yangoti njo ngati tenti, ndipo mtsikana wovalayo akuoneka ngati wadzikulunga makatani. Kodi ndalakwitsa pa kasokedwe kapena pa nsalu? Ndine mayi wosoka zovala za zisudzo.

YANKHO: Mayi, sindikukhulupirira kuti vuto lili pa singano yanu. Chimene chakusocheretsani ndi dzina limene wogulitsa anapatsa nsaluyo. Mfumukazi Victoria analamulira zaka zoposa 63, ndipo m'zaka zonsezo kavalidwe kanasintha kambirimbiri, moti mawu akuti "ya nthawi ya Victoria" sathandiza wosoka pokhapokha zaka zake zitatchulidwanso. Cha m'ma 1840, zaka zimene sewero lanu likukamba, diresi linkakhala ndi manja othina, msoko wa phewa wotsikira chakumkono, chiuno chosongoka kutsogolo, ndi siketi yofufuma ngati belu chifukwa cha mapitikoti angapo ovalira m'kati. M'zaka za m'ma 1850 manja anayamba kutambalala kumapeto, masiketi ambiri ankasokedwa ndi nsalu zokwinyidwa zosanjikizana kuyambira m'chiuno mpaka pansi, ndipo mu 1856 kunabwera crinoline, chimango cha mawaya a chitsulo chovalira m'kati mwa siketi, imene inalowa m'malo mwa mulu wa mapitikoti uja. Pofika m'ma 1870 kufufuma konse kunali kutasamukira kumbuyo, ndipo cha m'ma 1895 kunali kutakwera kupita kumapewa, kumene manja ankatupa ngati zibaluni. Nsalu imene ingakhale bwino pa limodzi la madiresi amenewa ikhoza kukhala yolakwika kotheratu pa linzake.

Nkhani ya kukula kwa maluwa imamveka bwino tikadziwa mmene nsaluzo ankazidindira. Kale nsalu ankaidinda pamanja ndi matabwa ozokotedwa, mtundu uliwonse wa utoto ndi thabwa lakelake, ndipo ntchitoyo inali yochedwa ndi yodula. Mu 1783 Thomas Bell wa ku Scotland analembetsa umwini wa makina odinda nsalu ndi zogudubuza za mkuwa, ndipo pofika nthawi ya Victoria mafakitale a ku Lancashire, makamaka mozungulira mzinda wa Manchester, ankadinda nsalu zambiri za madiresi mwa njira imeneyi. Chogudubuza chikazungulira kamodzi, chithunzi chimayambiranso, choncho chithunzicho sichikanatalika kuposa mzunguliro wa chogudubuzacho. Komanso mtundu uliwonse wa utoto unkafuna chogudubuza chake chozokotedwa padera, ndipo aliyense wochita malonda amadziwa kuti zogudubuza zikachuluka mtengo umakwera. N'chifukwa chake nsalu wamba ya diresi inkakhala ndi timaluwa ting'onoting'ono, tobwerezedwa pafupipafupi, m'mitundu yochepa chabe. Chinthu china chimene nsalu zambiri za masiku ano zimasiya ndi zimene zinkakhala pakati pa maluwawo. Pansalu zakale malo amenewo nthawi zambiri sankangokhala pululu, koma ankadzazidwa ndi timadontho tosaoneka bwino patali, timizere topingasana, kapena tinthambi topindikapindika tooneka ngati zomera za m'nyanja. M'zaka za m'ma 1830 ndi 1840 ankakondanso kuyala maluwa m'mizere yotsika, mzere wa maluwa kenako mzere wa mtundu umodzi, ndipo nsalu zina zinali ndi mitundu yoloŵana pang'onopang'ono ngati utawaleza.

Sindikunena kuti maluwa aakulu sankavalidwa konse. Masiketi atakula m'zaka za m'ma 1850 ndi 1860, nsalu zopyapyala za m'chilimwe zinkadindidwa maluwa okulirapo, otalikirana, chifukwa malo oonetsera analipo. Koma marozi aakulu ngati chikhatho, othithikana, pansalu yokhuthala ndi yonyezimira, imeneyo ndi chintz ya makatani ndi yokutira mipando, ndipo diso lanu silinaname pamene linaona makatani pathupi la mtsikanayo.

Kulemera kwa nsalu ndi kumene kumagwetsa anthu ambiri, ngakhale amene asankha maluwa oyenera. Nsalu zochuluka zotengera zakale zimene zili pamsika sizipangidwira madiresi, koma zimapangidwira anthu osoka zofunda polumikiza tizidutswa ta nsalu, ndipo anthu amenewo amafuna nsalu yolimba, ya ulusi wonenepa, yosatamuka. Siketi ya m'ma 1840 inkafuna zosiyana ndi zimenezo, chifukwa nsalu yokwana mamita 3 kapena kuposa inkakwinyidwa ndi ulusi n'kukhala timapindo tothithikana ngati masamba a buku, tonse n'kukwana m'chiuno cha munthu mmodzi. Ine ndinaphunzira zimenezi movutikira. Zaka zingapo zapitazo ndinaitanitsa nsalu kwa wogulitsa wina nditangoona chithunzi, timaluwa tofiirira pa mizere yoyera, tokongola zedi, koma chinali chikomekome cha mkuyu. Nditakoka ulusi wokwinyira, timapindo tinakana kugona, m'chiuno munaunjikana chimtolo chokhuthala ngati chala, ndipo singano ziwiri zinathyoka ndisanafike pakati. Kuyambira pamenepo sindigula nsalu ndisanayese kachidutswa. Ndimatenga nsalu yotalika theka la mita, ndimaichapa, ndimaikwinya ndi ulusi mpaka itafupika kufika masentimita 10, kenako ndimaigwira m'mwamba n'kuona ngati ikugwa yokha. Ikaima chilili, siyenera diresi limeneli.

Nsalu yanuyo ikhoza kufewerako mukaichapa kangapo kuti mankhwala oumitsa a kufakitale achoke, koma maluwawo sadzachepa. Musaitaye: idzakhala makatani abwino kwambiri a pabalaza m'sewero lomwelo.

FUNSO: Nsalu zonse zotengera zakale zimene ndaziona ndi zamtundu wa khofi, zotuwa, zooneka ngati zagona m'fumbi. Kodi akazi a nthawi imeneyo sankakonda mitundu yowala, kapena utoto wowala kunalibe? Ndine wophunzira ntchito ya utelala.

YANKHO: Mwana wanga, funso lako landisangalatsa kuposa onse, chifukwa pamenepa ndi pamene opanga nsalu zotengera zakale amaphonya kawirikawiri. Mkazi wa mu 1850 ankagula nsalu yatsopano, yoti mbee poyera ndi yoti psuu pofiira. Chimene wojambula wa lero amaona m'nyumba yosungiramo zinthu zakale ndi nsalu imene yatha zaka zoposa 150 ikuwombedwa ndi kuwala, utsi wa malasha ndi sopo, ndipo akapanda kusamala amatengera ukalamba wa nsaluyo pamodzi ndi maluwa ake. Choncho iwe ukasoka diresi ndi nsalu yoteroyo, umaveka munthu chovala chatsopano chooneka ngati chachokera m'bokosi la agogo a agogo ake.

Ndikufotokozere za utoto umene unali msana wa ntchito yonse, wochokera ku mizu ya chomera chotchedwa madder. Chodabwitsa chake n'chakuti wodinda sankadinda utotowo pansalu. Ankadinda mankhwala ogwiritsa utoto, osakaniza ndi zomata kuti asayenderere, ndipo nsalu inkachoka pamakina ikuoneka ngati sinadindidwe kwenikweni. Ikauma ankaiviika m'madzi otentha osakaniza ndi ndowe za ng'ombe kuti zomata ndi mankhwala otsala achoke, kenako ankainyika yonse mumphika wa madder. Mmenemo ndi mmene maluwa ankatulukira. Pamene panadindidwa alum wambiri, mmodzi mwa mankhwala ogwiritsa utoto aja, pankafiira, pamene panali alum wochepa pankatuluka pinki, pamene panali mankhwala a chitsulo ambiri pankada, pamene anali ochepa pankatuluka pepo wotuwirako, ndipo posakaniza ziwirizo pankatuluka mtundu wa chokoleti. Mitundu yonseyi inkachokera mumphika umodzi. Pomaliza ankachapa nsaluyo ndi sopo n'kuiyeretsa kuti malo osadindidwa abwerere kuyera kwake. Ukaona nsalu yotengera zakale imene ili ndi kufiira, pinki, pepo, chokoleti ndi kuda pamalo oyera, dziwa kuti wojambulayo ankadziwa chimene ankachita, chifukwa mitundu imeneyi ndi ya banja limodzi.

Panalinso buluu wa indigo ndi buluu wowala wotchedwa Prussian, panali chikasu ndi olenji zopangidwa ndi chrome zimene zinali zowala moti ena a ife lero tingachite nazo manyazi, ndiponso kufiira kosasuluka kotchedwa Turkey red. Mtundu wobiriwira unali wovuta, ndipo kwa nthawi yaitali ankaupeza poika chikasu pamwamba pa buluu. Chikasucho chinkasuluka msanga kuposa buluu, n'chifukwa chake pansalu zina zakale umaona maluwa okhala ndi masamba a buluu. Masambawo anali obiriwira tsiku limene nsaluyo inagulidwa. Momwemonso mitundu ina ya pepo inasanduka yakhofi, ndipo malo oyera anachita chikasu.

Mu 1856 mnyamata wa zaka 18 dzina lake William Henry Perkin, akuyesa kupanga kwinini kuchokera ku mankhwala a m'phula la malasha, anatulukira utoto wa pepo umene unatchuka ndi dzina lakuti mauve. Mu 1859 kunabwera wina wofiirira mowala umene anautcha magenta, potengera dzina la malo a ku Italy kumene kunamenyedwa nkhondo chaka chomwecho. Utoto watsopanowu unkagwira bwino pa silika ndi pa ubweya kuposa pa thonje, choncho sunalande msanga malo a madder pansalu wamba. Chimene chinathetsa ulimi wa madder ku France ndi ku Netherlands ndi ntchito ya Carl Graebe ndi Carl Liebermann a ku Germany, amene mu 1868 anapeza njira yopangira alizarin, mankhwala enieni ofiiritsa a m'mizu ija, popanda kulima chomeracho. Phunziro kwa wosoka ndi losavuta: magenta wowala pa diresi la 1845 ndi bodza, chifukwa utotowo unali usanabadwe, koma pa diresi la 1865 ukhoza kulowa, makamaka pa maliboni ndi zokongoletsera za silika.

Pali mtundu umodzi umene ndikuthokoza kuti lero timangotengera maonekedwe ake okha. Kubiriwira kowala kumene kunkakondedwa pakati pa zaka zimenezo kunkapangidwa ndi mkuwa ndi poizoni wa arsenic, ndipo ankakupaka pa maluwa opanga ndi pansalu zina zopyapyala za kumadansi. Mu 1861 mtsikana wa zaka 19 wa ku London, Matilda Scheurer, amene ntchito yake inali yowaza ufa wobiriwirawo pa masamba opanga, anamwalira ndi poizoniyo, ndipo nkhani yake inagwedeza manyuzipepala.

Ngati ukufuna kuona mitundu yeniyeni, yang'ana zithunzi za madiresi amene Victoria and Albert Museum ya ku London ndi Metropolitan Museum of Art ya ku New York anaika pa intaneti, ndipo uyang'anitsitse zithunzi zoonetsa m'kati mwa mpendero ndi m'misoko, mmene dzuwa silinafike. Chuma china chili ku National Archives, nyumba yosungiramo zolemba zakale za boma la Britain, ku Kew mumzinda wa London. Kuyambira 1842 opanga nsalu ankalembetsa zithunzi zawo kuboma kuti anzawo asawabere, ndipo tizidutswa ta nsalu tinkamatidwa m'mabuku akuluakulu amene akhala otseka nthawi yambiri, moti mitundu yambiri idakali yowala ndipo tsiku lolembetsera limadziwika. Koma usapitirirenso malire mbali inayo. Pewa nsalu yoyera monyezimira chabuluu, chifukwa kuyera kumeneko kumachokera ku mankhwala a m'zaka za m'ma 1900, pewa timizere tagolide, ndipo pewa maluwa odindidwa ndi kompyuta amene amaoneka ngati chithunzi cha kamera, okhala ndi mithunzi yosawerengeka. Pansalu yakale mitundu imawerengeka ndi zala, ndipo nthawi zina utoto umadumphako pang'ono mzere wa duwa chifukwa zogudubuza sizinakumane ndendende. Kaphonyedwe kakang'ono kameneko ine ndimakakonda, ndipo ndikakaona pansalu yatsopano ndimadziwa kuti wopangayo anayang'anadi nsalu yakale.

FUNSO: Mkazi wanga akufuna kuvala ngati dona wolemera wa ku England pa mwambo wina wa zovala zakale, ndipo wasankha nsalu ya thonje ya timaluwa. Mnzathu wina akuti thonje linali la antchito okha. Ndani akunena zoona? Ndine bambo wofuna mtendere m'nyumba.

YANKHO: Bambo, onse awiri ali ndi mbali yawo, ndipo mtendere ukhoza kupezeka. Mbiri ya thonje ku Britain ndi ya kukwera ndi kutsika. Nsalu zodindidwa za ku India zitafika m'zaka za m'ma 1600, zinakondedwa kwambiri moti owomba nsalu za ubweya ndi silika anadandaula ku Nyumba ya Malamulo. Lamulo la mu 1700 linaletsa kuitanitsa nsalu zodindidwazo, ndipo la mu 1721 linaletsanso kuvala nsalu zambiri za thonje zodindidwa, wopezeka atavala n'kumalipira mapaundi 5. Mu 1774 anavomereza nsalu za thonje zopangidwa ndi kudindidwa m'dzikomo, ngakhale zinkalipira msonkho, ndipo msonkhowo unachotsedwa mu 1831. Choncho pamene Victoria ankakhala pampando zaka zisanu ndi chimodzi pambuyo pake, makina ndi kuchoka kwa msonkho zinali zitatsitsa mtengo moti nsalu imene kale inali yosiririka inasanduka ya aliyense.

Apa mnzanuyo akunena zoona. Antchito a m'nyumba ankavala madiresi a thonje odindidwa pogwira ntchito za m'mawa, ndipo m'nyumba zambiri za olemera, makamaka chakumapeto kwa ulamulirowo, ankasintha n'kuvala zakuda ndi epuloni yoyera masana. Kampani ya Thomas Hoyle and Sons ya ku Manchester inatchuka ndi nsalu za timaluwa ta pepo zimene sizinkasuluka pochapa, ndipo nsalu zoterozo zinkadziwika ngati zovala za akazi ogwira ntchito. Ubwino wa thonje unali womwewo, wakuti limachapika, pamene silika ankangomupukuta kapena kumusula misoko kuti ayeretsedwe.

Koma akazi anunso sanalakwe. Dona wolemera ankavala thonje m'mawa ali kunyumba, nthawi zambiri diresi lomasukirapo lotseka kutsogolo, ndipo m'chilimwe, kumudzi kapena kugombe la nyanja, ankavala nsalu ya thonje yopyapyala kwambiri yodindidwa maluwa, imene kukongola kwake kunkaonetsa kuti kunyumba kuli anthu ochapa ndi kusita. Chimene sakanachita ndi kupita kukacheza kwa anzake madzulo atavala thonje wamba, chifukwa maulendo amenewo ankafuna silika kapena ubweya wabwino. Dziwaninso kuti madiresi ambiri a maluwa a m'ma 1840 amene timawasirira pazithunzi si a thonje lokha, koma ndi a nsalu zopepuka za ubweya zotchedwa delaine ndi challis, zina zosakaniza ndi thonje kapena silika, ndipo n'chifukwa chake amagwa mofewa kuposa mmene thonje lingagwere.

Ngati mayi akufuna maluwa ooneka patali popanda wowatsutsa, asankhe zaka za 1871 ndi 1872, pamene kunabuka fashoni yotchedwa Dolly Varden, dzina la mtsikana wa m'buku lina la Charles Dickens. Linali diresi la nsalu ya maluwa owala lokokeredwa m'mwamba m'mbali ndi kumbuyo, pamwamba pa siketi ina ya mtundu umodzi, ndipo linavalidwa ndi olemera ndi osauka omwe. Ngati akufuna zofatsa, timaluwa takuda kapena ta pepo pansalu yoyera kapena yotuwa tinkavalidwa ndi akazi amene anali chakumapeto kwa nyengo yolira maliro.

Sindingamalize yankho ili osatchula kumene thonjelo linkachokera. Gawo lalikulu la thonje la mafakitale a ku Lancashire linkalimidwa ndi akapolo kumwera kwa United States, ndipo nkhondo yapachiweniweni itabuka kumeneko mu 1861, thonje linasowa, mafakitale ambiri anaima, ndipo mabanja ochuluka a ogwira ntchito anagwa m'umphawi wadzaoneni mpaka cha mu 1865. Kutchipa kwa timaluwa tija kunali ndi amene ankakulipira.

FUNSO: Ndapeza nsalu ya zithunzi za William Morris, ya mbalame ndi zipatso, ndipo ina ndi ya kampani ya Liberty. Zonsezi si za nthawi ya Victoria kodi? Ndine mayi wokonda kusoka.

YANKHO: Mayi, ya Morris ndi ya nthawiyo ndithu, koma si ya diresi. Chithunzi cha mbalame zoba zipatso, chotchedwa Strawberry Thief, chinatuluka mu 1883 ndipo ankachidinda ndi matabwa kufakitale ya Morris ya ku Merton Abbey kuti chikhale cha makatani ndi chokutira mipando. Arthur Lasenby Liberty anatsegula sitolo yake mu Regent Street ku London mu 1875, ndipo inkakondedwa ndi kagulu ka akazi okonda zaluso amene ankakana madiresi othina a nthawi yawo, koma nsalu yake yotchuka ya Tana Lawn inabwera Victoria atamwalira kale, ndipo timaluwa take tambiri ndi ta m'zaka za m'ma 1900. Kupepuka kwa nsalu imeneyo n'koyenera kwambiri diresi la m'chilimwe, choncho mukapeza chithunzi chofatsa, cha mitundu iwiri kapena itatu, mukhoza kuchigwiritsa ntchito. Chenjeraninso ndi nsalu zotengera za m'ma 1930, za timaluwa tosekerera ta pinki, chikasu ndi kubiriwira kotuwa, zimene ogulitsa amakonda kuziika pashelefu imodzi ndi za m'ma 1800.

FUNSO: Ndikufuna kusoka diresi la cha m'ma 1860. Ndigule nsalu yochuluka bwanji, ndipo ndiyambe ndaichapa? Mayina a nsalu pa intaneti akundisokonezanso, chifukwa calico wina ali ndi maluwa, wina alibe. Ndine telala wachinyamata.

YANKHO: Achimwene, tiyambe ndi mayinawo, chifukwa asokoneza ambiri. Mawu akuti calico amachokera ku dzina la mzinda wa Calicut ku India. Ogulitsa a ku Britain lero akati calico amatanthauza nsalu ya thonje yopanda maluwa, yosayeretsedwa, pamene a ku America amatanthauza nsalu ya timaluwa ting'onoting'ono. Muslin nayenso ndi chimodzimodzi: ku Britain ndi nsalu yopyapyala yoonekera, koma ku America ndi nsalu wamba yoyesera kadulidwe. Musanalipire, dziwani kaye kuti wogulitsayo ali mbali iti ya nyanja, ndipo ngati mukufuna nsalu yopepuka funsani lawn kapena voile.

Za kuchuluka, tiwerengere limodzi. Nsalu za nthawiyo zinali zochepa m'lifupi kuposa za lero, choncho mukawerenga m'magazini akale kuti diresi linadya mayadi ochuluka musachite mantha. Nsalu ya lero nthawi zambiri imakhala masentimita 112 m'lifupi. Siketi yovalira pamwamba pa crinoline imafuna mpendero wozungulira mamita 3 ndi theka kapena kupitirira 4, kutanthauza zigawo zinayi za nsalu yoteroyo. Chigawo chilichonse chikakhala masentimita 115 kutalika, kuphatikizapo zopinda, mwadya kale mamita 4 ndi masentimita 60. Thunthu la diresi ndi manja zimafuna mamita 2 kapena kuposerapo pang'ono, ndipo muwonjezere ina yodula mopingasa kuti mukutire kachingwe kam'misoko. Choncho mamita 7 ndi poyambira, ndipo ngati maluwa ali ndi mutu ndi miyendo, oti sangatembenuzidwe, kapena ali m'mizere yofuna kukumanitsa, gulani 8. Gulani yonse nthawi imodzi, chifukwa mpukutu wina wa chithunzi chomwecho ukhoza kusiyana mtundu pang'ono, ndipo makampani ambiri sadindanso chithunzi chikatha.

Kuchapa n'kofunika musanaike sizasi. Thonje limabwerera likalowa m'madzi koyamba, ndipo thunthu la diresi limeneli limasokedwa lothina moti likabwerera pang'ono chabe tingowe sitikumananso. Yambani mwanyika kachidutswa m'madzi ofunda pamodzi ndi kansalu koyera kuti muone ngati utoto ukutuluka, makamaka wofiira ndi wa buluu. Chapaninso nsalu ya m'kati, kuti ziwirizo zisadzakokane pambuyo pake. Sitani nsalu idakali yonyowa pang'ono, ndipo musanadule onetsetsani kuti maluwa adindidwa motsata ulusi, chifukwa akapendekeka mpendero wonse udzaoneka wokhota ngakhale mutayeza bwino chotani.

Pa kasokedwe, makina sakuletsedwa. Elias Howe analembetsa makina ake mu 1846 ndipo Isaac Singer mu 1851, moti pofika m'ma 1860 misoko yaitali ya madiresi ambiri inkasokedwa pamakina, ngakhale zomalizira zinkachitika pamanja. Zimene zimaulula diresi lamakono ndi zinthu zing'onozing'ono. Musaike zipi, koma tingowe kapena mabatani kutsogolo. Msoko wa phewa ukhale chakumbuyo ndipo polumikizira dzanja patsikire m'munsi mwa phewa, pokhala ndi kachingwe kokutidwa ndi nsalu yomweyo, monganso m'khosi ndi m'chiuno. Kolala yoyera ndi timanja toyera ta m'kati zikhale zochotseka, zongogwiritsa ndi ulusi wotalikirana, chifukwa zimenezo ndi zimene zinkachapidwa kawirikawiri kuposa diresi lenilenilo. Kunsi kwa siketi musangopinda nsalu ya maluwayo, koma sokerani m'kati nsalu ina yolimbirapo yotalika ngati chikhatho ndi theka, imene imapatsa siketi kulemera koti igwe bwino pamwamba pa mawaya. Osoka a nthawiyo kawirikawiri ankaikapo nsalu yotsala ku diresi lina, ngakhale ya maluwa osiyana, ndipo m'mphepete mwenimweni ankasokeramo kalamba kopyapyala ka ubweya kotulukira pang'ono, kuti fumbi ndi miyala ya mumsewu zidye kalambako osati nsalu. Kakatha ankakasula n'kuikapo kena.